Kusiya mapepala mu ofesi ya boma: siginecha ya sikani, ya mu sisitimu, ya khadi kapena ya pa foni?

Pa ofesi ina ya boma imene ndinagwirako, fayilo ya munthu wina inasowa masabata atatu, ndipo tsiku limene inapezeka inali pansi pa mulu wa mafayilo ena pa tebulo la bwana wachitatu mwa mabwana asanu amene amayenera kusainapo, fumbi lili mbuu pa kava. Mwini wake anabwera kanayi kudzafunsa, yankho limodzimodzi, bwana sanasaine mubwerenso mawa. Nde anthu akamati tiyeni tisiye mapepala tizisaina pa kompyuta ine ndimavomera msanga, koma vuto ndi loti mawu akuti "kusaina pa kompyuta" akubisa zinthu zingapo zosiyana kotheratu, zina ndi zabwino kuposa pepala, zina ndi zoipa kuposa pepala lomwe tikulithawalo, ndipo maofesi ambiri amagwera pa zoipazo chifukwa ndi zomwe zili pafupi.

Ine njira iliyonse ndimaiyeza ndi funso limodzi. Tsiku limene munthu wakana kuti "sindinasaine ine", muli ndi chani m'manja? Masiku amene zinthu zili bwino siginecha ilibe ntchito, olo mutajambula nkhuku pa mzerepo fomu idutsa. Ntchito yake imaoneka tsiku la mkangano, ma odita afika, ndalama zatuluka, aliyense akuloza mnzake. Apo mpamene mumafuna kudziwa kuti anasaina ndani, anasaina chani kwenikweni, linali liti, ndipo kodi chikalatacho sichinasinthidwe pambuyo pake.

Tiyambe ndi pepala lomwelo, ndipo tisalinyoze kwambiri. Silifuna magetsi, silifuna netiweki, amene sanagwirepo kompyuta amalimvetsa, amene sadziwa kulemba amadinda chala basi nkhani yatha. Kalata yosainidwa zaka 80 zapitazo ukaipeza mu kabati umaiwerenga ndi maso ako, palibe pulogalamu yoti uike kaye. Ndipo ku khoti akatswiri amatha kuyang'ana momwe cholembera chinakanikizira pepala, pomwe dzanja linaima, pomwe linathamanga. Koma siginecha imakhala pa tsamba lomaliza lokha, nde tsamba lachitatu munthu akhoza kuchotsa stepulo, kuika lina, kubwezera stepulo, n'chifukwa chake ena amakusainitsa tsamba lililonse mpaka dzanja kuwawa. Deti amalemba ndi munthu, kulibweza m'mbuyo sikutenga ndi masekondi awiri omwe. Komanso tinene zoona, kalaliki amene akulandira fomu amayerekeza siginecha ija ndi chani? Amangoona kuti pa mzere pali inki. Onjezerani chiswe, madzi, moto, ndi nkhani yoti fayilo singakhale pa matebulo awiri nthawi imodzi, mabwana asanu amayenera kudikirana ngati pa mzere.

Njira imene ambiri amayambira, ndipo ndi imene imandikwiyitsa, ndi ya chithunzi cha siginecha. Bwana amasaina pa pepala loyera, amasikana, kafayilo kamakhala pa kompyuta ya sekilitale, kalata ikalembedwa amangokamata pansi nkusintha kukhala PDF. Ofesi yonse imasangalala eti tapita digito. Pa ofesi ija kachithunzi ka bwana kanali ndi kadontho ka inki kumanzere, pamwamba pang'ono pa chilembo choyamba, ndipo kadonthoko kanaoneka pa kalata iliyonse kwa zaka ziwiri, malo omwewo, kukula komweko, ngakhale makalata amene anatuluka bwanayo ali pa tchuthi. Ganizani bwino, aliyense amene analandirapo kalata imodzi yokha ali ndi siginecha ya bwana, angoidula nkuimata pa kalata yake yomwe walemba yekha, ndipo palibe katswiri angasiyanitse yeniyeni ndi yabodza chifukwa zonse ndi chithunzi chimodzi. Malamulo a mayiko ambiri salola khoti kukana siginecha pa chifukwa chokha choti ndi ya pa kompyuta, zoona, koma kulandiridwa ngati umboni ndi kukhulupiriridwa ndi zinthu ziwiri. Bwana akakana mulibe chogwira, ndipo akafuna kukana kalata imene anaivomerezadi njira ndi yomweyi.

Mchimwene wake wa njirayi ndi kupirinta, kusaina ndi cholembera, kusikana, kutumiza pa imelo. Iyi bola, penapake pali pepala lenileni ngati silinatayidwe, koma ntchito mwaichulukitsa kawiri, tona ikutha, mapepala akutha, ndipo pofika bwana wachinayi chikalata chasikanidwa kanayi manambala sakuwerengeka. Ndi yongopulumukirapo masiku ochepa, si yomangapo ofesi.

Tsopano zenizeni. Yoyamba ndi kuvomereza mu sisitimu, pomwe palibenso kujambula siginecha, munthu amalowa ndi dzina lake ndi pasiwedi, fomu yamupeza, waiwerenga, wadina batani lovomereza, sisitimu yalemba kuti uje wavomereza tsiku lakuti nthawi yakuti. Kwa mafomu a tchuthi, opempha mapepala ndi zolembera, opempha galimoto, ma memo a mkati, ine ndimaona kuti palibe chifukwa chofunira zoposa apa. Ubwino wake waukulu si siginecha ayi, ndi woti fayilo singasowenso, aliyense akuona kuti yaima pa ndani ndipo yakhalapo masiku angati, ndipo bwana amene amasunga mafayilo masabata atatu amayamba kuoneka poyera, mwina n'chifukwa chake ena amadana nayo osanena. Zofooka zilipo. Pasiwedi imodzi ikamayenda ofesi yonse, yolembedwa pa kapepala pansi pa kiyibodi, umboni wonse wagwa. Amene amayang'anira database ngati sanamangidwe manja akhoza kusintha zolembedwa. Ndipo umboniwo umakhala mkati mwa sisitimu momwemo, mukatulutsa chikalata nkupita nacho ku banki kapena ku unduna wina sichinyamula umboni uliwonse, komanso tsiku losintha sisitimu kupita ku ina anthu amasamutsa mafomu nkuiwala log, mbiri ija yoti ndani anavomereza liti, chonsecho log ndiyo inali siginecha. Ngati mwasankha iyi, munthu aliyense akhale ndi akaunti yakeyake, polowa pakhale kodi yachiwiri ya pa foni, ndipo log izikopedwa kwina kumene wa IT mmodzi sangafufute yekha.

Kenako pali makampani ogulitsa ntchito yosainitsa, ngati DocuSign imene inayamba mu 2003, kapena Adobe Acrobat Sign. Mumakweza chikalata, mumaika ma imelo a anthu osaina, aliyense amalandira linki, wadina wasaina, pamapeto pamatuluka PDF yotsekedwa pamodzi ndi mbiri yoti ndani anatsegula liti. Ndi yophweka, mawa lomwe mukhoza kuyamba, ndipo pa ma kontirakiti ndi anthu akunja kwa boma imathandiza chifukwa winayo safunika kugula kanthu. Koma boma liganize kawiri. Zikalata zanu zikukhala pa ma seva a kampani, nthawi zambiri kudziko lina, pansi pa malamulo a dziko lina. Malipiro ndi a chaka ndi chaka, bajeti ikachedwa ofesi yaima. Ndipo pa mlingo wake wamba, umboni woti wasaina ndi uje ndi woti linki inapita ku imelo yake basi, amene wagwira imelo wagwira siginecha, kuti munthu atsimikiziridwe mozama ndi zowonjezera. Akuba nawonso amakonda kutumiza ma imelo abodza ooneka ngati ochokera ku makampani amenewa, anthu akazolowera kudina linki iliyonse yoti "sainani apa" mwawaphunzitsa chizolowezi choopsa.

Apa nde ndichedwepo pang'ono, pa siginecha ya satifiketi, imene akatswiri akamati digital signature amatanthauza iyi osati chithunzi chija. Maganizo ake ndi akale ndithu, Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anawafotokoza mu 1976, ndipo mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman anapeza masamu ochitira, amene mpaka pano timawatchula RSA. Munthu amakhala ndi makiyi awiri obadwira limodzi, wina wachinsinsi amene amakhala mu khadi kapena mu ka token kooneka ngati fulashi ndipo satulukamo, wina wapoyera amene aliyense akhoza kumuona. Posaina, kompyuta imawerengera chikalata chonse nkutulutsa kamzere kakafupi kotchedwa hash, ngati ndi SHA-256 kamakhala ka zilembo ndi manambala 64, ndipo khadi limadinda kamzereko ndi kiyi wachinsinsi mwini wake akaika PIN. Wolandira amatsimikiza ndi kiyi wapoyera uja. Kukoma kwake ndi uku, wina akangowonjezera ziro mmodzi kuti 10,000 ikhale 100,000, olo kuchotsa koma, hash imasinthiratu ndipo pulogalamu imanena pompo kuti chikalata chagwiridwa. Nkhani ya stepulo ija yathera pomwepo. Satifiketi ndiyo imanena kuti kiyi uyu ndi wa uje, ndipo imaperekedwa ndi bungwe lodalirika limene linamuona munthuyo ndi chitupa chake.

Dziko limene aliyense amatchula apa ndi Estonia, la anthu pafupifupi 1.3 miliyoni. Lamulo la siginecha za digito analikhazikitsa mu 2000, makhadi a ID okhala ndi chip anayamba mu 2002, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho mameya a Tallinn ndi Tartu anasainirana mgwirizano pa kompyuta. Chimene anthu amaiwala akamayamikira Estonia ndi choti siginecha inakwera pa msana pa chitupa cha dziko chimene aliyense amayenera kukhala nacho m'thumba, boma silinayambe ndi kugulira ofesi iliyonse mapulogalamu. Ku America ogwira ntchito m'boma ali ndi makhadi awo otchedwa PIV, asilikali ali ndi CAC, ndipo ku India ma token a USB ndi ofala pa ma tenda ndi zikalata za makampani kutsatira lamulo lawo la 2000.

Pa funso langa lija iyi ndiye imayankha bwino kuposa zonse, ndipo umboni umayenda ndi chikalatacho kulikonse chikupita. Koma musanamizidwe kuti ndi yophweka. Pamafunika makhadi, timakina towerengera makhadi, madiraiva amene amakana kugwira kompyuta ikangopanga update, ofesi yopereka ndi kuthetsa masatifiketi, ndi munthu woyankha foni bwana akatseka khadi lake poika PIN yolakwika katatu. Masatifiketi amatha nthawi pakapita zaka zochepa, ndipo amakonda kutha tsiku lomwe malipiro akuyenera kutuluka kkkk. Choopsa kwambiri ndi chomwe chija, bwana watopa ndi kusaina, wapereka token ndi PIN kwa sekilitale kuti uzingopanga. Apa zaipa kuposa chithunzi, chifukwa masamu akuchitira umboni mwamphamvu kuti wasaina ndi bwana pamene iye sanaone ndi tsamba loyamba lomwe.

Ndipo zikagwa zimagwa zonse nthawi imodzi, zomwe pepala silichita. Mu 2017 akatswiri a pa Masaryk University ku Czech Republic anapeza kuti ma chip ena a kampani ya Infineon amapanga makiyi ofooka, vuto limene linatchedwa ROCA, ndipo ku Estonia linakhudza makhadi oposa 700,000. Mu Novembala boma linaimitsa masatifiketi a makhadiwo, anthu anayenera kuwakonzanso pa intaneti kapena kupita ku maofesi a polisi. Anapulumuka chifukwa ananena poyera msanga komanso anali ndi njira zina zosainira pa foni. Ku Netherlands mu 2011 kampani yopereka masatifiketi ya DigiNotar, imene boma limaidalira, inathyoledwa, wakuba anatulutsa masatifiketi abodza oposa 500, boma linalanda kayendetsedwe kake ndipo mu Seputembala chaka chomwecho kampaniyo inagwa. Nde amene akugulitsani njirayi mufunseni kuti tsiku lotere likafika tidzasaina ndi chani.

Yotsiriza ndi mphwake wa iyi, kusaina pa foni. Masamu ndi omwewo, kungoti kiyi sakhala mu khadi la m'thumba, amakhala mu SIM yapadera, kapena mu makina otetezedwa a bungwe lopereka ntchitoyi, munthu amangovomereza pa foni. Estonia inayamba Mobile-ID mu 2007, India inayambitsa eSign mu 2015 yolumikizana ndi Aadhaar, nambala yozindikiritsa munthu m'dzikomo ya manambala 12, pomwe munthu amalandira kodi pa foni nkusaina, satifiketi yake ndi ya kanthawi kochepa chabe. Kwa nzika wamba imene imasaina za boma kawiri pa chaka iyi ndiyo yanzeru, palibe amene angagule kamakina kowerengera khadi chifukwa cha fomu imodzi. Bwana ali pa ulendo amasaina ali komweko, chifukwa chobwereketsa token chachepa. Pofunika kusamala ndi pa kodi ya SMS, wina akakuberani nambala ponamiza kampani ya foni kuti SIM yatayika, kodi ikupita kwa iye. Komanso pa sikirini yaing'ono anthu sawerenga masamba 40, amangodina. Ndipo komwe netiweki imavuta mwangosintha "bwana kulibe" kukhala "netiweki kulibe".

Za malamulo ndidutse mwachangu. Ku European Union lamulo la eIDAS la 2014, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2016, limagawa siginecha patatu, yawamba, yapamwamba, ndi yovomerezeka mwapadera imene amaitcha qualified, ndipo yachitatu yokhayi ndiyo lamulo limanena mwachindunji kuti ndi yofanana ndi ya dzanja m'mayiko onse a mgwirizanowo. Ku America Bill Clinton anasaina lamulo la ESIGN pa 30 Juni 2000 ndi khadi la chip, koma anasainanso ndi cholembera, ndipo pasiwedi yake inali Buddy, dzina la galu wake, mwaona kuti matenda a pasiwedi ndi akale. Lamulo lomwelo linasiya kunja zinthu ngati wilo ndi za kutha kwa banja, ndipo la South Africa la 2002 linasiyanso kunja wilo ndi kugulitsa malo. Koma chimene chimakola maofesi si lamulo lalikulu, ndi timalamulo tating'ono ta mkati, ma circular akale onena kuti fomu ikhale ya inki, ikhale original, ikhale makope atatu. Mukapanda kusintha izi ndi kukhala pansi ndi ma odita, mudzagula sisitimu yodula ndipo odita akafika adzati tipatseni vocha ya pepala, nde muyamba kupirinta zonse, ntchito ziwiri.

Japan inandiphunzitsa china. Kumeneko m'malo mwa siginecha amadinda kachidindo kotchedwa hanko, ndipo nthawi ya COVID-19 mu 2020 anthu amakwera sitima kupita ku ofesi kukangodinda pepala nkubwerera. Nduna Taro Kono atalamula maunduna kuti afotokoze chifukwa chimene chidindo chikufunikira, pa ntchito za boma pafupifupi 15,000 zinapezeka kuti zoposa 99 peresenti zikhoza kuyenda popanda chidindocho. Sanati tiyeni tipange hanko ya pa kompyuta pa fomu iliyonse, anayamba ndi kufunsa ngati ikufunika nkomwe. Fayilo ija ya mabwana asanu, atatu amangosaina chifukwa amene anawatsogolera pa mpando amasainanso. Mukaisamutsa momwemo kupita pa kompyuta mudzakhala ndi mabatani asanu odikirana.

Pali kanthu kena kamene anthu amakazindikira mochedwa. Chikalata chosainidwa ndi satifiketi mukachipirinta siginecha yatsala mu kompyuta, papepalapo pangokhala kabokosi kolembedwa dzina ndi deti kamene aliyense angatayipe. Original ndi fayilo, pepala ndi kope chabe, zatembenuka. Ngati anthu azifunabe pepala m'manja, ngati ma laisensi ndi ziphaso, ikanipo QR code yopita ku webusayiti ya boma komwe munthu angaone zomwe zili mu kaundula, ndipo muwaphunzitse kuyang'ana adiresi yake chifukwa QR yabodza imapita ku webusayiti yabodza. Chinanso ndi zaka. Mafayilo a penshoni ndi a malo amakhala zaka 30, 50, kuposa apo, pomwe satifiketi inatha kalekale, nde pofunika timestamp yochokera ku bungwe lodalirika yosonyeza kuti posaina satifiketi inali yamoyo, ndi kusunga mu mtundu ngati PDF/A, PDF yopangidwira kusunga zikalata zaka zambiri. Masamu nawonso amakalamba, mu 2017 a Google ndi a bungwe la kafukufuku la CWI ku Amsterdam anaonetsa ma PDF awiri osiyana okhala ndi hash imodzi ya SHA-1, imene kale imadaliridwa. Ndiye a ku archives akhalepo pa tebulo kuyambira tsiku loyamba, osati kuwaitana zonse zitagulidwa.

Ine nditapatsidwa ofesi, sindingasankhe njira imodzi pa zonse. Chithunzi chomata ndingachiletse lero lomwe ndi memo ya mizere iwiri. Za mkati zosakhudza ndalama ziyende mu sisitimu ndi batani. Malipiro, ma tenda, ma kontirakiti, makalata olemba ndi kuchotsa anthu ntchito, chilichonse chimene mawa chingathere ku khoti, satifiketi basi, khadi kapena foni, ndipo ofesi zimenezi ndi za anthu ochepa nde mtengo wake ndi wopiririka. Nzika zisaine pa foni komwe dziko lili ndi chitupa chodalirika, koma kauntala ya pepala isatsekedwe, amene alibe foni kapena sadziwa kuwerenga naye ndi nzika, kalaliki asikane pepala lake nkulisaina ndi satifiketi yake kuti ndaona original. Makampani osainitsa aja ndingawagwiritse pa zikalata zopanda chinsinsi, podikira kuti zathu zikhazikike.

Ndipo ndisanagule kanthu kalikonse ndingafunse zinthu ziwiri zimene wogulitsa sakonda kuonetsa pa demo. Bwana akapita ku tchuthi, wogwirizira mpando amasaina bwanji ndi dzina lake iye mwini popanda kubwereka PIN ya wina? Sisitimu yopanda njira imeneyi ikukakamiza anthu kubwerekana, ndipo adzabwerekanadi. Chachiwiri, munthu akasamutsidwa kapena kupuma ntchito Lachisanu, ndani amauza a IT kuti atseke akaunti ndi kuthetsa satifiketi, ndipo Lolemba zikhala zitachitika? Pa ofesi ija titayamba sisitimu ya mafomu a tchuthi, tinadzazindikira kuti akaunti ya bambo wina amene anapuma miyezi isanu ndi itatu m'mbuyomo inali ikuvomerezabe mafomu sabata iliyonse. Amene analowa m'malo mwawo sanapatsidwe akaunti yake chifukwa fomu yopempha akaunti inali ya pepala, ndipo inali ikudikira siginecha.